Mdipiti wa galimoto suponya voti

Mukamva wapolisi akuti chotsani tomato wanu m'mbali mwa msewu chifukwa bwana akudutsa, yang'anani pa kalendala. Kawirikawiri mupeza kuti chisankho chayandikira. Amalonda a pa Chitedze, pa Mpingu mpaka pa Namitete, mumsewu wa ku Mchinji, nkhaniyi akuidziwa kuposa ife olemba m'nyuzi.

Ulendo wotere sautchula kampeni ayi. Amati mtsogoleri akuyendera ntchito za chitukuko. Mafuta ndi a boma, apolisi ndi a boma, MBC ikuulutsa zonse mpaka kutsokomola komwe, koma nsalu zimene avala amayi ovina kutsogoloko ndi za chipani. Wotsutsa akafuna msonkhano pabwalo lomwelo ayenera kupisa m'thumba mwake.

Mwambowu tinautengera kwa Kamuzu. Chaka ndi chaka, chimanga chikamasula, Ngwazi inkanyamuka kukayendera mbewu, mbumba ikuvina, ana asukulu atandanda mumsewu. Akuluakulu amatiuza kuti munda wokaonetsa unkasankhidwiratu, wothira feteleza wokwanira. Komatu pa 14 Juni 1993, ngakhale kuno kuchigawo chapakati ambiri anavotera tambala wakuda, dziko linasankha nyali. Pa 17 Meyi 1994 Wamuyaya uja anapeza mavoti 33 pa 100 alionse nagonja kwa a Bakili Muluzi.

Obwera pambuyo sanachitaye chidacho, anangochinola. A Muluzi anabweretsa sitatapaki mu 1998, napambananso mu 1999. A Bingu wa Mutharika anayenda ndi makuponi a feteleza mpaka mavoti 66 pa 100 mu 2009. Mayi Joyce Banda anagawa ng'ombe, anagawa chimanga, anakweza mafumu, koma mu 2014 anathera pa nambala yachitatu.

Nkhani imene yandikhudza ine ndi ya a Lazarus Chakwera, poti ndi mwana wa konkuno, wa ku Malembo, ndipo anali phungu wa dera la kumpoto chakumadzulo kwa Lilongwe asanalowe kunyumba ya boma mu 2020. Pofika 2025 anali nazo zonse: mdipiti, wailesi ya boma, mafumu pamzere woyamba, ngakhale misewu yatsopano ya mumzinda wa Lilongwe yoti aloze ndi chala. Koma feteleza wotsika mtengo amene anayamba pa K4,495 anali atakwera kufika K15,000, olandira atachepa, ndipo wosalandira ankagula thumba pamtengo wopitirira K100,000. Kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Woyendetsa minibasi amene wagona masiku awiri pamzere wa mafuta akaona galimoto makumi zikudutsa, nyali zikuphethira, sindikhulupirira kuti mumtima mwake mumabwera ulemu. Pa 16 Seputembala 2025 a Chakwera anapeza 33 pa 100, chimodzimodzi Kamuzu, ndipo amene anawagonjetsa ndi a Peter Mutharika, munthu amene anachititsa misonkhano yowerengeka chabe. Iwonso musaiwale kuti anagwa ali pampando mu 2020.

Mlimi wa ku Nsaru kapena ku Kabudula si wopusa. Amadziwa kuti mbewu ngati MH18 inachokera kwa akatswiri a pa Chitedze, sinatsike m'galimoto ya pulezidenti, ndipo amayeza boma poyang'ana m'nkhokwe. Sitatapaki ndi makuponi zinathandiza eni ake chifukwa zinafika m'munda. Kuvina kokha sikunapulumutsepo munthu.

Mwina wina ati, nanga ngati sizithandiza, ukudandauliranji? Abale anga, apambane kaya agonje, ndalamazo ndi za inu amene mumadula chiphaso pamsika tsiku ndi tsiku, ndi za wophunzira amene akuuzidwa kuti ngongole ya sukulu yaperewera. Enafe za ku yunivesite tinazisiya panjira, koma masamu awa okha timawatha.

Lamulo la zipani la 2018 limaletsa kugawa zinthu pokopa ovota, ngakhale mkulu woyang'anira zipani anadzasankhidwa mu 2024. Koma thumba la chimanga lomwelo, akaligawa wotsutsa ndi mlandu, akaligawa mtsogoleri pabwalo la sukulu ati ndi thandizo la boma. Aphungu atseke chibowo chimenechi 2030 isanafike: kampeni ikatsegulidwa, chimanga azigawa ndi a DC, ndipo mafuta a ulendo uliwonse wokhala ndi nsalu za chipani azilipira ndi chipanicho.