Mankhwala Okankha Mtima Ndi Katapila

Mwezi wathawu mayi wina anandiimitsa pakhomo la ICU, maso ali psuu. "Adokotala, dzulo mwana wanga anali ndi mapampu a mankhwala mbali zonse za bedi, lero mwachotsa ena. Kodi mwamutaya?" Mnyamatayo tinali titangomuika vavu yatsopano mumtima. Ndinati, "Amayi, khalani pansi. Pampu ikachoka ndiye kuti mtima wa mwana wanu wayamba kudziyendetsa wokha."

Ntchito yanga ndi kugonetsa odwala pa opaleshoni ya mtima ndi kuwasamalira akatuluka. Funso la mayi aja ndalimva kwa Amalawi anzanga obwera ndi odwala awo kunja kuno, ndalimvanso kwa anthu a mitundu ina. Gwero lake ndi chikhulupiriro chimene chimanditopetsa kwambiri, chakuti kuli mankhwala "opatsa mtima mphamvu", ndipo wodwala akalandira ochuluka ndiye kuti akusamalidwa bwino. Mankhwala otero kulibe. Amene tili nawo amangokakamiza mtima kutulutsa mphamvu imene unali nayo kale.

Pa maopaleshoni ambiri a mtima, mtimawo timauimitsa dala. Magazi timawapatutsira ku makina a bypass, amene amagwira ntchito ya mtima ndi mapapo. John Gibbon ndiye anayamba kuchita opaleshoni yopambana ndi makina amenewa ku Philadelphia mu 1953. Kenako timathira m'mitsempha ya mtima madzi odzaza potaziyamu, amene timawatcha cardioplegia, mtima n'kungoti zii mpaka ola lathunthu kapena kupitirira. Tikaubwezera magazi umadzuka, koma nthawi zambiri umadzuka uli ndi dzanzi. Mnofu wake ndi wamoyo ndithu, kungoti sufinya mokwanira kwa maola angapo, mwina masiku.

Mtima wa munthu wamkulu amene wangokhala umapopa malita pafupifupi 5 pa mphindi, ndipo ukagunda kamodzi umatulutsa magazi opitirira theka la amene analowa m'chipinda chake chachikulu. Muyeso umenewu ndiwo ejection fraction. Amene wabwera ku opaleshoni muyesowu uli pansi pa 35 peresenti timamuyang'anira mwapadera, chifukwa dzanzi lija likadzawonjezera pa kufooka kwakale, magazi safika mokwanira ku impso, ku chiwindi ndi ku ubongo. Mkodzo umachepa, mapazi amazizira, asidi wa lactate amakwera m'magazi.

Apa m'pamene timakolekera ma inotrope, kutanthauza mankhwala okankha mtima kuti ufinye kolimba: dobutamine, adrenaline, milrinone. Onsewa amachulukitsa kashiamu m'maselo a mnofu wa mtima. Amagwira ntchito ndithu, ndipo ndaona anthu ambiri amene sakanafika m'mawa popanda iwo. Koma ndi katapila. Umakongola mphamvu lero, chiwongoladzanja n'kumakula ola lililonse. Mtima wokankhidwa umadya okosijeni wochuluka pa nthawi imene ukusowa mpumulo, umathamanga, ndipo kagundidwe kake kamasokonekera mosavuta. Milrinone amafutukulanso mitsempha mpaka BP kutsika, ndiye timawonjezera noradrenaline kuti aikweze. Pampu ina pabedi paja imakhala ikungokonza zimene inzake yawononga.

Izi si zongoganiza ine. Mu 1991 kafukufuku wa PROMISE anapereka mapilitsi a milrinone tsiku ndi tsiku kwa anthu ofooka mtima kwambiri, ndipo imfa zinakwera ndi 28 peresenti poyerekeza ndi amene sanalandire. Pambuyo pake chiyembekezo chathu chinapita pa levosimendan, mankhwala ochokera ku Finland, amene m'malo mochulukitsa kashiamu amathandiza mnofu kumva bwino kashiamu amene alipo kale. Ambirife tinkati tapeza ngongole yopanda chiwongoladzanja. Mu 2017 munatuluka zotsatira za kafukufuku wamkulu mitundu itatu pa odwala a opaleshoni ya mtima, wa LEVO-CTS, wa CHEETAH ndi wa LICORN, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe amene anasonyeza kuti mankhwalawa amachepetsa imfa.

N'chifukwa chake zimandipweteka ndikaona dokotala mnzanga akukolekera dobutamine wodwala aliyense wotuluka mu opaleshoni, ngati mwambo, kapena akukweza mlingo chifukwa nambala ya pa sikirini sikumusangalatsa. Nambala yokongola siichiritsa munthu. BP ikatsika, choyamba ndi kufunsa chifukwa chake. Mwina magazi achepa m'thupi. Mwina akuchucha m'kati n'kuunjikana mozungulira mtima n'kuupanikiza, zimene timati tamponade, ndipo mankhwala ake ndi kutsegulanso chifuwa, osati kuwonjezera adrenaline. Kachipangizo ka echo kamene timalowetsa kukhosi kamayankha mafunso amenewa m'mphindi zochepa. Ngati mtima wafookadi, tipereke mlingo wochepa umene ungakwanire, n'kuyamba kuutsitsa mtima ukangosonyeza kuti ukutha wokha. Ngati mlingo ukungokwera wodwala osasintha, chofunika ndi makina opumitsa mtima monga baluni ya mumtsempha waukulu kapena ECMO, kumene zinthuzi zilipo.

Kwa inu odikirira odwala, wodwala aliyense ndi wake wake ndipo dokotala amene ali pabedi ndiye akudziwa zambiri kuposa ine, komabe musawerenge mapampu. Funsani ngati mlingo ukukwera kapena ukutsika, ngati mkodzo ukutuluka bwino. Opaleshoni isanachitike, uzani madokotala chilichonse chimene wodwala akumwa, azitsamba omwe, ndipo warfarin kapena aspirin musamusiyitse nokha osauzidwa.

Ambiri ochokera kwathu amene amatumizidwa ku India kapena ku South Africa kukakonzedwa mavavu ndi achinyamata odwala rheumatic heart disease, nthenda yoyamba ndi zilonda zapakhosi zimene sizinapatsidwe penisilini. Amafika mochedwa, miyendo itatupa, mtima utakula ndi kutopa podikira ndalama ndi mapepala. Mwana akadwala zilonda zapakhosi ndi kutentha thupi, apite kuchipatala. Amene anauzidwa kuti vavu yake inawonongeka asadumphitse jakisoni wa penisilini wa mwezi ndi mwezi. Ndipo madokotala akanena kuti nthawi ya opaleshoni yakwana, achibale ndi akuluakulu osayina makalata otumiza odwala kunja achite changu, chifukwa mphamvu imene mtima wataya m'miyezi yodikira ife ku ICU tilibe pampu yoti tiibwezere.