Mtengo umagwera komwe nkhwangwa yaulozera

Nyengo yokonza zigafa, kumanga makola ndi kuwotcha njerwa ikafika, kulira kwa nkhwangwa kumamveka m'minda yamitengo kuyambira m'mamawa. Ndi nyengo yomweyinso imene timamva kuti uje mtengo wamuthyola mwendo, kapena bulugamu wagwera denga la mnzake ndipo nkhani ili kwa mfumu. Ambiri amangoti linali tsoka. Koma alimi anzathu, mtengo woongoka ndi wamoyo kawirikawiri umagwera komwe wodulayo waulozera, kaya wachita modziwa kapena mosadziwa. Sabata ino tikambirane za kusankha nkhwangwa ndi weji, ndi kagwiritsidwe ntchito kake kuti mtengo ugwe pomwe mwini wake akufuna.

Nkhwangwa ya kwa osula ndi ya m'sitolo

M'misika yathu mumapezeka nkhwangwa za mitundu iwiri. Yoyamba ndi ya kwa osula, imene nthawi zambiri amaisula kuchokera ku sipuling'i yakale ya galimoto, ndipo msuka wake umalowa pamutu wa mpini. Nkhwangwa imeneyi ndi yopepuka, yabwino posadza nthambi, kudula mapolo ndi mitengo ing'onoing'ono. Yachiwiri ndi ya m'sitolo, yokhala ndi diso lolowetsamo mpini. Kulemera kwake amakulemba pachitsulo m'mapaundi. Ya mapaundi 3 ndi theka kapena 4, omwe ndi pafupifupi makilogalamu 1.6 mpaka 1.8, ndi yokwanira munthu wamkulu pogwetsa mtengo wonenepa. Musathamangire yolemera kwambiri poganiza kuti ifulumizitsa ntchito. Nkhwangwa yokuposani mphamvu imatopetsa msanga, ndipo munthu wotopa ndiye amaphonya.

Yang'ananinso mpeni wake. Nkhwangwa yogwetsera mitengo imakhala yopyapyala kukamwa kuti izilowa mozama ndi kutulutsa zibanthu zikuluzikulu. Yowazira nkhuni imakhala yonenepa masaya kuti izing'amba. Mukatenga yowazira kukagwetsera mtengo, imangodumpha pathunthu.

Mpini ukhale wa mtengo wolimba, wouma bwino, wopanda mfundo, ndipo mizere yake iyende molunjika kuchokera kumutu mpaka kogwirira. Makolo athu ankakonda naphini pa ntchito imeneyi, ndipo dzina lake lomwelo likunena. Pa nkhwangwa yogwetsera, mpini wa masentimita 70 mpaka 90 ndi wabwino. Mpini ukayamba kugwedera, ena amangouviika m'madzi usiku. Mankhwala amenewo ndi a tsiku limodzi, chifukwa ukauma umagwedera kuposa kale. Khomani kamtengo kolimba pamutu pake kuti kautsekule mkati mwa diso, kapena sinthani mpiniwo. Mpini ukathyokera m'diso musaponye nkhwangwa pamoto kuti chotsalacho chipse, popeza moto umafewetsa chitsulo ndipo nkhwangwayo siidzagwiranso kuthwa. Chikhomereni kunja ndi chitsulo china.

Nolani ndi tupa, kenaka mumalize ndi mwala wonolera, mbali zonse ziwiri mofanana. Nkhwangwa yobuntha ndiyo yoopsa, chifukwa m'malo moluma mtengo imaterereka n'kubwerera ku msongolo wa mwini wake.

Weji, kanthu kakang'ono kantchito yaikulu

Weji ndi chikhomo chophwatalala, chopyapyala kutsogolo ndi chonenepa kumbuyo. Alipo achitsulo, apulasitiki ndi amtengo. Mlimi safunika kutaya ndalama, angathe kusema yekha kuchokera ku chidutswa chouma cha mtengo wolimba. Chikhale chotalika ngati chikhatho ndi theka, chotambalala ngati zala zinayi, ndipo kunenepa kwake kuzikwera pang'onopang'ono mpaka masentimita 3 kumbuyo. Weji wonenepa mwadzidzidzi salowa, amangolavulidwa mukamukhoma. Semani atatu, chifukwa mmodzi akhoza kusweka ntchito ili pakati.

Weji wachitsulo ndi woyenera powaza zipika. Mukhomeni ndi hamala yaikulu, osati ndi kumbuyo kwa nkhwangwa, chifukwa diso la nkhwangwa limapindika ndiponso tizitsulo timathetheka n'kulowa m'maso. Weji wamtengo mukhomeni ndi chibonga kapena kumbuyo kwa nkhwangwa ya m'sitolo. Amene amadula ndi makina a tcheni asaike weji wachitsulo pamene akucheka, popeza tcheni ikakhudza chitsulo mano ake amaonongeka ndipo makinawo angathe kudumpha. Iwo agwiritse ntchito wapulasitiki kapena wamtengo.

Dziwaninso kuti weji amagwira bwino pamene pachekedwa ndi sowo, chifukwa mpata wake ndi wopapatiza. Pamene patemedwa ndi nkhwangwa pamakhala poyasama ndipo weji sapeza pogwira. Ndiye chifukwa chake pa mtengo waukulu ndi bwino kukhala ndi zida zonse zitatu: nkhwangwa yotsegulira kutsogolo, sowo yochekera kumbuyo, ndi weji wokankhira mtengo.

Yang'anani kumwamba musanateme pansi

Musanayambe, zungulirani mtengowo. Onani komwe wapendekera, mbali imene kuli nthambi zolemera, ndi komwe mphepo ikulowera. Onani ngati kumwamba kuli nthambi zouma zomwe zingathothoke nkhwangwa ikayamba kugwedeza thunthu, ndiponso ngati kuli njuchi kapena mavu. Gogodani thunthu ndi kumbuyo kwa nkhwangwa. Likalira ngati ng'oma, mkati muli mphako kapena chiswe chadya, ndipo mtengo wotere sumvera malamulo amene tikukamba pano. Uyenera anthu ozolowera ntchitoyi.

Anthu, ziweto, makamaka ana okonda kuonerera, akhale kutali kowirikiza kawiri kutalika kwa mtengowo. Ngati pafupi pali mawaya a magetsi, musayerekeze, kadziwitseni a ESCOM kaye. Lambulani tchire lonse kuzungulira tsinde, ndi nthambi kapena zilambe zimene zingakole nkhwangwa mukaikweza. Kenaka konzani njira ziwiri zothawira. Zisalunjike kumene mtengo ugwere, zisalunjikenso kumbuyo kwenikweni, chifukwa tsinde limatha kukankha chambuyo ngati bulu. Zipite chammbali chakumbuyo, kumanja ndi kumanzere. Tsiku la mphepo yamkuntho siyani ntchitoyi, ndipo mowa udikire mpaka mutaweruka.

Kamwa kutsogolo, mtsempha pakati

Chizolowezi chimene chapweteketsa ambiri ndi chotema mozungulira thunthu lonse ngati munthu akusongola pensulo. Mtengo wodulidwa chotero umatsala utaima pa kansonga, ndipo ngakhale wodulayo sadziwa komwe ugwere. Njira yabwino ili ndi magawo atatu.

Choyamba, temani kamwa kumbali imene mukufuna kuti mtengo ugwere. Pansi pa kamwalo pakhale pathyathyathya, pamwamba potsetsereka, ndipo lilowe gawo limodzi mwa magawo anayi a kunenepa kwa thunthu. Kumene kamwa layang'ana ndiko mtengo upite, choncho imani kumbuyo kwake muone ngati lalunjikadi pomwe mukufuna.

Chachiwiri, pitani kumbuyo ndi kuyamba kucheka mopingasa, pamwamba pang'ono pa pansi pa kamwa lija, kusiyana kwa zala ziwiri. Kasitepe kameneka kamathandiza kuti tsinde lisaterereke chambuyo mtengo ukamagwa.

Chachitatu, chomwe ndi mwini nkhani, musacheke mpaka kukumana ndi kamwa. Siyani pakati kachigawo kosadula, kotambalala gawo limodzi mwa magawo khumi a kunenepa kwa thunthu, kofanana mbali zonse. Kachigawo aka tikatche mtsempha. Kamagwira ntchito ngati hinjesi ya chitseko: mtengo umapinda pamenepo n'kutsata njira imodzi yokha. Mukaudula mtsemphawu, mwataya chiwongolero.

Titenge chitsanzo cha bulugamu wonenepa masentimita 40 kuyeza modutsa pakati pa thunthu. Kamwa lilowe masentimita 10, mtsempha ukhale masentimita 4, ndipo masentimita 26 otsalawo ndiwo ochekedwa kumbuyo. Sowo ikangolowa mokwanira kusiya malo, ikani weji kumbuyo kwake ndi kumukhoma pang'ono. Akatero amaletsa mtengo kukhalira sowo, komanso amauletsa kubwerera chambuyo. Muzicheka pang'ono, kukhoma pang'ono, mpaka mtsempha utatsala muyeso wake. Apo tulutsani sowo ndi kumaliza ndi weji yekha. Mmodzi akalowa yense mtengo usanagwe, khomani wachiwiri pambali pake, ndipo muziwakhoma mosinthanasinthana.

Mphamvu ya weji musaipepute. Ngati bulugamu uja ndi wotalika mamita 15, ndipo kuchokera pa weji kufika kutsogolo kwa mtsempha pali masentimita 30, weji akakweza tsinde masentimita 2 okha, nsonga ya mtengo imasuntha mita yathunthu. Ntchito imene amuna anayi akanavutika nayo pokankha, kachidutswa ka mtengo kamaigwira mwakachetechete.

Amene ali ndi nkhwangwa yokha atsate njira yomweyi, kamwa kutsogolo, kutema kumbuyo pamwamba pang'ono, ndi kusiya mtsempha. M'malo mwa weji, mnzanu akankhe ndi mtengo wautali wa mphanda, kapena mumangiretu chingwe pamwamba musanayambe kutema. Chingwecho chitalike kuposa kawiri kutalika kwa mtengo kuti okoka akhale patali. Mutu umodzi susenza denga, musapite nokha kukagwetsa mtengo waukulu.

Mtengo ukayamba kulira ndi kuyenda, fuulani, siyani zida, ndipo chokani potsata njira yothawira ija maso ali kumwamba. Musabwerere msanga, nthambi zothyoka zimatsalira m'mitengo ina ndi kugwa pambuyo pake.

Mitengo iwiri yofuna kusamala

Woyamba ndi wopendekeka kwambiri. Mtengo wotere umakhala wokokeka kumsana ngati uta, ndipo mukayamba kucheka kumbuyo ungathe kung'ambika chokwera, chibanthu chake n'kumenya wodulayo pachifuwa kapena pachibwano. Kumanga tcheni kapena chingwe cholimba kuzungulira thunthu pamwamba pa podulapo kumathandiza, koma ngati simunaudulepo wotere, itanani odziwa. Musayembekezenso kuti weji angatembenuze mtengo wopendekeka kwambiri kuti ugwere kumene sunaweramire.

Wachiwiri ndi wokodwa pa unzake. Musakwere, musayende pansi pake, ndipo musadule umene waugwirawo. Kokani tsinde lake ndi chingwe muli patali, kapena ndi ng'ombe zapagoli, kapena lisuntheni ndi mtengo wolimba wotekenyera. Zikakanika, chenjezani anthu onse kuti asadutsepo mpaka utagwetsedwa.

Wina akatemeka, panikizani bala ndi nsalu yoyera, kwezani mwendo kapena mkonowo, ndipo thamangirani naye kuchipatala. Osathira dothi kapena ndowe pabala, chifukwa m'menemo ndimo mumakhala tizilombo ta kafumbata.

Chitsa ndi chuma cha mawa

Kadulidwe kabwino kamapindulitsanso munda. Bulugamu, malaina ndi kesha amaphukanso pachitsa, pamene paini, monga wa ku Chikangawa, saphukanso ndipo amafunika kudzala wina. Dulani chitsa chachifupi, masentimita 10 mpaka 15 kuchokera pansi, chotsetsereka pang'ono kuti madzi a mvula asakhalepo, ndipo musasende makungwa ake chifukwa mphukira zimatulukira pamenepo. Chitsa chophwanyikaphwanyika chimaola msanga. Mphukira zikakula, patulirani ndi kusiya ziwiri kapena zitatu zamphamvu. Kudulira m'chiuno chifukwa cha ulesi wowerama ndi kutaya chipika chonenepa koposa pa mtengo wonse, ndipo kugwetsa mtengo poutentha patsinde kumapha chitsa chomwe.

Kumbukiraninso lamulo. Lamulo la zankhalango la 1997, limene linakonzedwanso mu 2020 ndi kuwonjezera zilango, limaletsa kudula mitengo m'nkhalango zotetezedwa popanda chilolezo. Mtengo umene munadzala nokha pamalo anu ndi wanu, koma musanakhudze yachilengedwe monga mbawa, mlombwa kapena muwanga, kapenanso ya m'mbali mwa mtsinje ndi m'nkhalango ya mudzi, funsani kaye mlangizi wa zankhalango ndi a mfumu. Ndipo nyengo yodzala mitengo, yoyambira pa 15 Disembala mpaka 15 Epulo, ikafika, bwezerani pamene mwadula.

Bulugamu amatenga zaka kuti akule kufika pa mtanda wa chigafa, koma kumugwetsa ndi ntchito ya mphindi zochepa. Pa mphindi zimenezo musafulumire. Nolani nkhwangwa, semani maweji anu madzulo a dzulo lake, yang'anani kumwamba, ndipo siyani mtsempha.