Ulendo wosathamanga: kugona m'nkhalango ku Phalombe, kukaona zaluso ku Blantyre

Phalombe, Mana: Alendo ambiri okaona phiri la Mulanje amalowera ku Likhubula, ndipo ena amakwera m'mawa n'kutsika madzulo a tsiku lomwelo. Koma masiku ano pali mtundu wina wa alendo amene amakonda kukhala malo amodzi masiku angapo, kudya zakudya za komweko ndi kuyenda ndi anthu a m'deralo. Alendo oterewa ndi amene boma la Phalombe lingapindule nawo kwambiri.

Khomo lolowera m'phiri ku mbali ya Phalombe ndi Fort Lister, pampata umene uli pakati pa phiri la Mulanje ndi la Michesi. Angerezi anamanga linga pamalowa mu 1893 pofuna kutseka njira imene ogulitsa akapolo ankadutsa popita ku gombe la Mozambique. Kuchokera pamenepo, mlendo amakwera kwa maola angapo n'kukafika ku Sombani, imodzi mwa nyumba zogona alendo pafupifupi khumi zimene zili pamwamba pa phirili. Kuchokera ku Sombani, njira zimapitirira mpaka ku nyumba za Chinzama ndi Thuchila.

Nyumbazi n'zosavuta. Mumakhala mlonda ndi malo osonkhapo moto, koma chakudya ndi zofunda mlendo amanyamula yekha. Ichi n'chifukwa chake amafuna womutsogolera ndi omunyamulira katundu, omwe ndi anthu a m'midzi ya m'munsi mwa phiri. Mlendo wa tsiku limodzi amalipira kamodzi, pamene wogona masiku anayi amalipira tsiku lililonse, komanso amagula mpunga, nyemba, nkhuku ndi zipatso m'misika ya m'bomali.

Akatsika, mlendo angathe kudzera ku Chitakale n'kukamalizira ulendo wake mu mzinda wa Blantyre. Ku Mandala House, nyumba imene kampani ya African Lakes inamanga mu 1882, kumaonetsedwa zojambula ndi zosemasema za amisiri a m'dziko muno, ndipo pamwamba pake pali laibulale ya Society of Malawi. Ku Chichiri kuli nyumba yosungirako zinthu zakale, pamene ku mishoni ya HHI kuli tchalitchi cha St Michael and All Angels, chomwe chinamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891 motsogozedwa ndi m'busa David Clement Scott. Munthu amene wadutsa pa Fort Lister amamvetsa bwino mbiri imene akuiona m'malo amenewa, chifukwa nkhani ya amishoni, amalonda ndi kutha kwa ukapolo ndi imodzi.

Mwayiwu wakula chifukwa mu July 2025 bungwe la UNESCO linaika phiri la Mulanje pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse, poganizira chikhalidwe ndi zikhulupiriro za anthu olizungulira. Bungwe lomweli linazindikiranso gule wa tchopa wa Alhomwe mu 2014.

Komabe zonsezi zikudalira nkhalango. Phirili linakhazikitsidwa kukhala nkhalango yotetezedwa mu 1927, koma mtengo wa mkungudza, umene ndi mtengo wa fuko lino ndipo mwachilengedwe umamera pa Mulanje pokha, watsala pang'ono kutheratu chifukwa cha ocheka matabwa mozemba ndi moto wolusa. Nthambi ya zankhalango ndi bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust akhala akubzala mbande zatsopano, koma mkungudza umatenga zaka zambiri kuti ukhwime. Anthu a ku Phalombe akudziwanso kuopsa kwa madzi ochokera m'phiri, pokumbukira napolo wa mu March 1991 ndi namondwe wa Freddy wa mu 2023.

Choncho akuluakulu a khonsolo, a zankhalango, a zokopa alendo ndi a zachikhalidwe ali ndi ntchito yoonekeratu: kusamalira mabwinja a Fort Lister, kulambula njira ya ku Sombani, kulemba m'kaundula otsogolera alendo a mbali ya Phalombe, ndi kugwirizana ndi malo a zaluso ku Blantyre kuti azidziwitsa alendo awo za khomo limeneli. Popanda zimenezi, alendo apitiriza kulowera ku Likhubula kokha, ndipo ndalama zawo sizidzafika ku Phalombe.