Mowa wasiya kuwira? Musathamangire kuonjezera shuga

Kwa Zulu ku Mchinji, miyezi ya Juni ndi Julayi imasautsa ofulula masese. Usiku kumazizira mpaka kufika cha m'ma digiri 10, ndiye m'mawa ukavundukula mbiya umapeza kuli zii, thovu palibe. Ndalama ya chimanga, shuga ndi nkhuni ili m'menemo, a kuchinkhoswe akudikira.

Ambiri amathamangira pagolosale kukagula shuga wina. Dikirani kaye, lawani. Ngati mowawo ukutsekemera koma uli chete, chakudya chilimo. Chavuta ndi yisiti, tizamoyo tosaoneka ndi maso timene timasandutsa shuga kukhala mowa n'kumatulutsa thovu lija. Timagwira bwino ntchito pa madigiri 25 mpaka 30. Kukazizira timangogona, sitifa. Chotsani mbiya pa simenti, ifunditseni masaka kapena bulangete lakale, mutakase pang'ono. Shuga akachulukitsa amayamwa madzi m'tizamoyoti n'kutifooketsa, choncho mankhwala ake ndi madzi owiritsa amene atsala ofunda chabe, osati shuga winanso.

Pena vuto linayambira pamoto. Mowa wakale woyambitsira ukathiridwa m'phala lotentha moti chala sichingapirire, tizamoyoti timafa. Apo thirani woyambitsira wina. Chimera nachonso chikabwatitsidwa, mphamvu yake yosandutsa ufa kukhala shuga imatha.

Ngati sukutsekemeranso, ndiye kuti wapsa, basi. Koma ukamanunkha chowola, kapena pamwamba pachita chuku, tayani ngakhale zikupweteka. Zothiramo feteleza kapena mabatire ati kuti ulume, ameneyo ndi poizoni, ndipo omwa ake ndi abale anu omwe.