Madzi akalowa m'okala, musathamangire piki

Mvula yamphamvu ikagwa ngalande zili zotsekeka ndi zinyalala, madzi sapempha odi. Amalowa m'okala n'kunyowetsa ufa, shuga ndi mchere, ndipo wamalonda amathamangira piki kuti awapatutse. Koma pansi pa misika ndi m'mbali mwa misewu ya m'tauni mumadutsa mapaipi a madzi, nthambo za magetsi komanso za intaneti. Kukumba kwa mphindi zisanu kungakudyereni mpamba wonse.

Ngakhale zinthu zitathina, yambani mwadziwitsa mkulu wa msika kapena khonsolo, kenako eni ake a zomwe zili pansizo. Nthambo za magetsi ndi za ESCOM. Mapaipi ndi a Lilongwe Water Board, Blantyre Water Board, kapena bungwe la madzi la m'chigawo chanu. Nambala zawo zikhale m'foni mvula isanayambe.

Musanatukule khasu, yang'anani malowo. Mita ya madzi, chivundikiro chachitsulo, kachipilala ka simenti kapena nthambo yotsika pa pholo kulowa m'nthaka, zonsezi zikukuuzani kuti pansi pali kanthu. Kawirikawiri paipi imachoka ku msewu kulunjika pa mita, choncho musadule mzere umenewo ndi piki. Palani pang'onopang'ono ndi fosholo. Mukaona pulasitiki yochenjeza, mchenga wothiridwa kapena njerwa zondandalikidwa, lekerani pomwepo.

Nanga mukaboola? Paipi ikaphulika pakati pa mita ndi mpopi wanu, tsekani pa mita msanga, chifukwa madzi otayikawo alowa mu bilu yanu. Ikaphulika kumbali ya ku msewu, itanani bungwe la madzi. Kumanga ndi mphira n'kukwirira n'kudzinamiza: mpopi ukauma, paipi yobooka imayamwa madzi a m'ngalande, ndipo kolera imalowera pomwepo. Mliri wa 2022 mpaka 2023 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno.

Nthambo ya magetsi ndiye musaikhudze, ngakhale ikuoneka yakufa. Chotsani anthu, makamaka pamene pali madzi, ndipo imbirani ESCOM. Ya intaneti ikaduka, netiweki ingasokonekere, ma ejenti a Airtel Money ndi Mpamba n'kugwira njakata, makasitomala n'kubwerera osagula.

Njira yotchipa ndi matumba a mchenga pakhomo, katundu pa thandala lokwera, ndi kugwirizana ndi anzanu kuyeretsa ngalande Novembala asanafike. Matumba khumi sangafanane mtengo ndi kulipira paipi yomwe mwaswa.