Kuimba 1, Kuimba 2, Kuimba 3: chifukwa chiyani Ma Blacks amawerenga zimbale zawo?

Anzanga, nyimbo za Ma Blacks tonse timazidziwa. Zimalira pachigayo, m'minibasi yopita ku boma, ngakhalenso m'zigafa anthu akamasoka fodya. Koma ndi angati mwa ife amene akudziwa chifukwa chake zimbale za gululi zili ndi dzina limodzi lokha, Kuimba, ndipo chimasintha ndi nambala basi? Kuseri kwa manambala amenewa kuli mbiri yoyenera kuidziwa.

Nkhaniyi imayambira ku Chileka, m'boma la Blantyre, mwa mnyamata wachirasta dzina lake Evison Matafale. Chimbale chake choyamba, Kuimba 1, chinatuluka mu 1999, ndipo omuimbira zida anali a gulu la Wailing Brothers. Kenaka iye anakhazikitsa gulu lakelake, Black Missionaries, pamodzi ndi abale ake a kubanja la Fumulani. Anyamatawa sanayambe kuimba mwangozi ayi. Bambo wawo, Robert Fumulani, anali katswiri wodziwika kale ndi gulu la Likhubula River. Mu 2001 anatulutsa Kuimba 2. Nyimbo za Matafale monga Yang'ana Nkhope, Watsetsereka ndi Olakwa Ndani zinafalikira dziko lonse.

Chinakopa anthu ndi chiyani? Choyamba, anatenga chamba cha reggae, chomwe kwawo ndi ku Jamaica, n'kuchiimba m'Chichewa chomveka ngakhale kwa agogo. Chachiwiri, sankaopa. Ankaimba za umphawi, za chilungamo, za Mulungu ndiponso za atsogoleri oiwala anthu awo. Kumbukirani kuti dziko lathu linali litangolowa kumene mu ulamuliro wa zipani zambiri mu 1994, ndiye anthu ankafuna kuona ngati ufulu wolankhula unalidi weniweni.

Yankho lake linali lowawa. Mu November 2001 apolisi anamanga Matafale chifukwa cha makalata amene analemba odzudzula pulezidenti wa nthawi imeneyo, a Bakili Muluzi. Anapita naye ku Lilongwe, ndipo pa 27 November anamwalira ali m'manja mwa apolisi, ali ndi zaka 32 zokha. Aboma ankati anafa ndi matenda, pomwe achibale ndi anthu ambiri sanakhutire ndi yankho limenelo. Tangoganizani, munthu amene dzina lake likutchulidwabe mpaka lero anasiya zimbale ziwiri zokha.

Magulu ambiri oimba amatha mtsogoleri akafa. Wina atenga gitala, wina atenga ng'oma, aliyense kwake. Ma Blacks sanatero. Musamude Fumulani anatenga utsogoleri, ndipo chimbale chotsatira sanachipatse dzina latsopano, anangoti Kuimba 3. Apa ndi pamene pagona nkhani. Nambala ija inali ngati kuuza dziko kuti ntchito imene Matafale anayamba sinaikidwe naye m'manda. Zili ngati buku limene mlembi wake wafa atalemba mitu iwiri, abale ake n'kupitiriza mutu wachitatu m'buku lomwelo.

Imfa inabweranso. Musamude anamwalira mu 2007, ndipo chaka chotsatira anamwaliranso Gift Fumulani, yemwe ankaimba payekha koma ankayenda ndi gululi. Apo utsogoleri unagwera Anjiru Fumulani, mothandizana ndi mchimwene wake Chizondi, komanso Peter Amidu wa gitala ya besi. Mbale wawo Anthony Makondetsa, amene timamuti Mr Cool, amatulutsa zimbale zake koma pazoimbaimba amakhala nawo limodzi. Patapita zaka, Takudziwani ndi Paul Chokani anachoka kukadzutsanso Wailing Brothers. Komabe kuwerenga kuja sikunaime, mpaka zimbale za Kuimba zinapitirira khumi. Chaka chilichonse anthu amasonkhana ku Chileka kukumbukira Matafale ndi abale ake amene anatsogola.

Mzimu woimba mosaopawu si wa kuno kokha. Ku London cha m'ma 1976 kunabuka chamba cha punk rock, cha achinyamata okwiya ndi ulova, oimba mofulumira ndi magitala aphokoso. Magulu ngati The Clash ankakonda reggae n'kumaisakaniza m'nyimbo zawo, ndipo Bob Marley, amene ankakhala ku London mu 1977, anajambula nyimbo yotchedwa Punky Reggae Party. Zamba ziwirizi n'zosiyana kamvekedwe, koma zonse zimalankhulira munthu wamba.

Tsono tiyeni tione mmene nyimbozi zakhala zikutifikira. Pa nthawi ya Kuimba 1 ndi 2, chimbale chinali kaseti. Oimba akajambula ku situdiyo, ankapita nacho kwa ogulitsa monga O.G. Issa, amene ankachulukitsa makaseti n'kuwamwaza m'misika. Munthu akagulitsa fodya wake ankagula wailesi ya kaseti, mabatire ndi kaseti yeniyeni yokhala ndi chithunzi cha oimba. Pa kaseti iliyonse woimba ankapezapo kangachepe. Kenaka kunabwera ma CD. Lero timangopita kwa anyamata oika nyimbo pa tauni, kupereka ndalama pang'ono, iwo n'kutithirira zimbale zonse mu memori khadi. Ena timangotumizirana pa WhatsApp kapena pa bulutufi.

Zaphweka, eti? Koma funsani kuti ndalama ija yapita kwa ndani. Yapita kwa mwini kompyuta, osati kwa amene anapeka nyimbo, analipira situdiyo ndi kugula zingwe za gitala. Ife ana a alimi a fodya izi tikuyenera kuzimvetsa msanga. Timadziwa kufesa nazale, kuthirira, kuwokera, kuthyola, kusoka ndi kudinda mabelo, kenaka mavenda n'kudzagula pamtengo wolira fodya asanafike n'komwe ku Chinkhoma. Wovutika ndi wina, wodyerera ndi wina. Woimba naye amalima chaka chonse, ndipo chimbale ndiye belo lake. Bungwe la COSOMA lilipo kuti liziteteza ntchito za oimba ndi olemba, koma silingaime pakhomo la aliyense wokopera nyimbo. N'chifukwa chake magulu ngati Ma Blacks amadalira kwambiri kuzungulira m'maboma kukaimba, poti ndalama ya pakhomo ndiyo imawafika m'manja.

Pali vuto linanso. Mu memori khadi nyimbo zimangosakanikirana, zopanda chikuto, zopanda chaka, nthawi zina ngakhale dzina lolakwika. Mapeto ake wina amalimbikira kuti nyimbo ya Musamude ndi ya Matafale. Manambala aja, amene gululi lawasunga podutsa m'maliro, amasowa m'foni mwathu.

Ndiye pempho langa ndi ili. Mukamva nyimbo ya Ma Blacks, funsani kuti ili mu Kuimba chani ndipo akutsogolera ndi ndani. Funsani makolo ngati akusungabe makaseti akale, ndipo musawataye. Tikadzayamba kupeza ndalama zathu, tizidzagula nyimbo m'njira yoti mwini wake apindule. Ndipo inu a kwaya ndi a kalabu ya zisudzo amene mumalota zodzajambula, yambani lero kulemba tsiku ndi dzina pa nyimbo iliyonse imene mwapeka.

Wolemba: wophunzira wa Fomu 2