Utsi wakuda ukudya phindu la amatola

Kukazizira m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi m'miyezi ya June ndi July, si zachilendo kuona anthu akukankha galimoto m'mamawa. Ikati yalira, imanjenjemera uku ikutulutsa utsi wakuda ndi fungo la petulo. Kwa woyendetsa matola pakati pa Mponela ndi Ntchisi, utsi umenewo ndi ndalama ya ufa.

Ambiri amathamangira kugula batire kapena pampu, chonsecho vuto limakhala kuchuluka kwa petulo. Galimoto zochokera ku Japan monga Toyota Probox ndi Sienta zilibe kabuleta. Petulo amayezedwa ndi kompyuta, yomwe imamvera sensa ya kutentha kwa madzi a mu injini. Sensayo ikamanama kuti injini njozizira, kompyuta imangothira petulo mpaka mapulagi amada ndi mwaye. Kuchotsa thermostat, monga amachitira ena poopa kuti injini itentha pazitunda, nakonso kumaonjezera vutoli chifukwa injini imachedwa kufunda.

N'chifukwa chake makaniko wodziwa ntchito amayamba wamasula pulagi. Ikakhala yakuda kapena yonyowa, amayeza sensayo, n'kuona ngati fumbi latseka sefa ya mpweya, kenako amafufuza ngati ma injector akudontha. Zogula zipangizo zimabwera pambuyo.